Kodi Mwana Akapsa Ndi Tsoka?

Amayi anzanga, nyengo yachisanu yafikanso. Juni ndi Julaye ndiyo miyezi imene moto suzima m'nyumba zathu, ndipo ana amati akangodzuka m'mamawa, ulendo wakuunjikana pamafuwa kuti aothe. Ndiyonso miyezi imene anamwino m'zipatala amalandira ana ambiri akupsa.

Chaka chatha, nyengo yonga yomwe ino, mayi wina wa m'gulu lathu adaphula mphika wa phala nauika pansi kuti akatenge mbale. Sadapite kutali ayi, adangolowa m'nyumba. Mwana wake wa chaka ndi theka, amene adali atangoyamba kumene kuyenda, adagwira kukamwa kwa mphikawo kuti aimirire, ndipo phala lonse lidamkhuthukira pachifuwa ndi pamkono. Adagona m'chipatala milungu 6. Nthawi yonseyo chimanga chidali chikadali pamkukwe kumunda, ana enawo adatsala ndi agogo awo okalamba, ndipo mbuzi ziwiri zidagulitsidwa kuti papezeke ndalama zoyendera ndi zakudya za wodikirira matenda. Mwanayo ali moyo, tithokoze Mulungu, koma chigongono chake sichitambasuka bwino chifukwa chipsera chidakoka khungu.

Titapita kukazonda matendawo, mawu a aliyense adali amodzimodzi: "Pepani mayi, ndi tsoka." Ena ankanong'onezana kumbali kuti mayiyo ngwosasamala. Inenso ndidanena nawo za tsokazo. Koma pobwerera m'njira ndidayamba kuwerenga ana a m'mudzi mwathu amene ali ndi zipsera za moto, ndipo zala za dzanja limodzi sizidakwane. Pamenepo ndidadzifunsa: kodi ndi tsoka lanji limene limadza mwezi womwewo chaka ndi chaka, pamalo omwewo, kwa ana a msinkhu womwewo?

Tikumbukire za kolera

Amayi achikulire akukumbukira kuti kolera atalowa m'dziko muno m'chaka cha 1973, ambiri ankati ndi ufiti kapena tsoka. Boma lidalemba anthu oyenda m'midzi kukathandiza kulimbana ndi nthendayo, ndipo ntchito yawo ndiyo idakula mpaka kukhala ya alangizi a zaumoyo amene tili nawo lerowa. Pang'onopang'ono tidaphunzira kuti kolera ali ndi njira yake yodzera, ndiyo madzi oipa ndi uve, ndi kuti njirayo ingathe kutsekedwa. Mliri wa 1973 sudali womaliza. Wa m'zaka za 2022 ndi 2023 udapha anthu oposa 1,700, koma dziko silidakhale pansi ndi kumati ndi tsoka. Madzi adathiridwa mankhwala, katemera adaperekedwa, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe zidachedwa kutsegulidwa pofuna kuteteza ana.

Lero mlangizi akafika pakhomo amafuna kuona chimbudzi, mpondagiya, thandala la mbale, bafa ndi dzenje la zinyalala. Ife tidazolowera, ndipo timachita manyazi tikapezeka opanda zimenezi. Tsono funso langa ndi ili: bwanji sitifunsana za mafuwa amene ali poyera pakati pa ana, za chitsime chosavundikira, za botolo la petulo limene lili kunsi kwa bedi? Zimenezinso ndi za malo amene tikukhalamo, ndipo zimapha ana monga momwe kolera amaphera.

Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO, pamodzi ndi la UNICEF, lidalengeza m'chaka cha 2008 kuti ana oposa 2,000 ankafa tsiku lililonse pa dziko lapansi chifukwa cha ngozi. Zopha zazikulu zidali zisanu: ngozi zapamsewu, kumira m'madzi, kupsa, kugwa ndi kumwa poizoni. Bungwe lomweli likuti kupsa kokha kumapha anthu pafupifupi 180,000 pa chaka, ndipo ochuluka mwa iwo ndi a m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene.

Dokotala wina wa ku Amereka, Dr. William Haddon, ndiye adalimbikitsa kwambiri m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 kuti ngozi tiziziona monga timaonera matenda. Iye ankaphunzitsa kuti pangozi iliyonse pamakumana zinthu zitatu: munthu wovulalayo, chinthu chomvulaza, ndi malo amene ngoziyo yachitikira. Ine ndimati zili ngati mafuwa. Mukachotsa fuwa limodzi mphika sukhazikika. Mwana wa chaka ndi theka sitingamusinthe, adzagwirabe chilichonse chimene waona pakuti ndiko kukula kwake. Phala sitingaleke kuphika. Chimene tingasinthe ndi malo.

Moto

Ana aang'ono ambiri amapsa ndi zamadzimadzi zotentha: phala, tiyi, msuzi wa ndiwo, madzi osamba, mafuta okazingira mandasi ndi tchipisi. Ena amagwera pamoto powotha, kapena amaponda phulusa lamoto limene latayidwa kuseri kwa nyumba. Khungu la mwana ndi lopyapyala, motero madzi amene angangofiiritsa dzanja lanu amamtukusira mwana bala lakuya.

Chinthu choyamba ndicho kukweza moto ndi kuutchinga. Chitofu choumba ndi dothi kapena njerwa, chofika m'mawondo kapena kupitirira, chimachotsa mphika pamene mwana wokwawa angaufikire. Amene sangathe kutero aumbe kampanda kadothi kuzungulira mafuwa. Ambiri a inu mukuidziwa chitetezo mbaula, youmbidwa ndi dothi ndi kuotchedwa, imene magulu a amayi amaumba ndi kugulitsa. M'chaka cha 2013 Boma lidalengeza cholinga chakuti mbaula zosunga nkhuni zokwana 2 miliyoni zifike m'makomo pofika 2020. Nthawi imeneyo tinkamva kwambiri za kuteteza mitengo, koma mbaula yotsekera moto m'kati imatetezanso ana. Ku Chikwawa ndi ku Chilumba, ku Karonga, kudachitika kafukufuku wokhudza ana oposa 10,000, ndipo zotsatira zake zidatuluka m'chaka cha 2016. Mabanja ena adapatsidwa mbaula zamakono zachitsulo, ena nkumaphikabe pamafuwa. Ofufuzawo ankayembekeza kuti chibayo chichepa pakati pa ana a mabanja olandira mbaula, koma sichidachepe. Chimene chidachepa ndicho kupsa. Komabe dziwani kuti mbaula iliyonse imatentha m'mbali ndipo ingathe kugubuduzika, choncho iikeni pakona, osati pakhomo podutsa ana.

Chachiwiri, mphika wotentha usakhale pansi ngakhale kwa kamphindi. Pokonza madzi osamba, yambani kuthira ozizira m'beseni, otentha pambuyo. Pophula mphika, mwana wakumsana mumsamale, ndipo musamwe tiyi wotentha mwana ali pamiyendo. Msungwana wa zaka 7 kapena 8 asasiyidwe yekha ndi moto ndi khanda nthawi imodzi; iyenso ndi mwana.

Ngozi ikachitika, mankhwala oyamba ndi madzi ozizira oyera. Thirani pabalapo mosalekeza kwa mphindi 20, kwinaku mutamfunda mwanayo mbali zina za thupi kuti asazizidwe. Vulani chovala chonyowa ndi phala, koma ngati nsalu yamatirira pakhungu musaimatule. Musaboole matuza. Musapakepo dzira, mankhwala otsukira mano, mafuta ophikira, mchere, dothi kapena ndowe, pakuti zimenezi zimalowetsa tizilombo m'bala, ndipo dothi ndi ndowe zimadzetsa kafumbata. Phimbani ndi nsalu yoyera, pitirizani kuyamwitsa, ndipo thamangirani kuchipatala, makamaka ngati bala laposa chikhatho cha mwanayo, kapena lili kumaso, m'manja, molumikizana mafupa ndi kumalo obisika. Zovala zikayaka m'thupi, munthu asathamange. Mgonekeni pansi, mgubuduzeni, ndi kumphimba ndi bulangete.

Pali chinthu china chimene ndiyenera kuchinena poyera. Abale athu odwala khunyu amapsa koopsa chifukwa akagwera pamoto anthu amaopa kuwakoka, ati nthendayo ingawalowe. Amayi, khunyu sapatsirana. Simungamtenge pomgwira wodwalayo, ngakhale malovu ake atakukhudzani. Mkokeni pamoto msangamsanga. Mankhwala ochepetsa kugwa alipo kuchipatala, ndipo wodwala wotere asamaphike yekha kapena kupita yekha kumadzi.

Musagonenso ndi mbaula yamakala m'chipinda chotseka mazenera. Makala amatulutsa mpweya woipa wosaoneka ndi wosanunkha, umene umayamba ndi litsipa ndi chizungulire, kenaka munthu amafera m'tulo. Kandulo kapena koloboyi zisakhale pafupi ndi masikito kapena katani.

Zipinda zapadera zochizira akupsa zili ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene zidatsegulidwa m'chaka cha 1993, ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe kuyambira 2011. Madokotala ndi anamwino kumeneko amagwira ntchito yotamandika, koma kwa ambiri a ife nkutali, ndipo bala la moto limachedwa kupola. Mtengo wa njerwa zochepa zotchingira mafuwa sungafanane ndi mbuzi ziwiri ndi mkono wa mwana.

Madzi

Chisanu chikatha ndi dzinja likadza, mdani amasintha. WHO idapeza kuti m'chaka cha 2021 anthu pafupifupi 300,000 adafa pomira m'madzi, ndipo mwa anayi alionse, pafupifupi mmodzi adali mwana wosakwana zaka 5. Tisaganize za kunyanja ndi ku Shire kokha. Mwana wamng'ono mutu wake ndi wolemera poyerekeza ndi thupi, choncho akasuzumira mu ndowa amagweramo chamutu ndipo satha kudzuka. Madzi ofika m'kakolo ndi okwanira kumupha. Choopsa kwambiri nchakuti mwana womira salira ndipo saphiriphitha. Inu mungakhale mukusinja pafupi pomwepo osamva kanthu.

Yang'anani m'mudzi ndi m'dera lanu. Zitsime zingati zili zosavundikira? Nanga nkhuti zimene anyamata adasiya ataumba njerwa, zimene zimasanduka maiwe mvula ikagwa? M'tauni muli maenje a zimbudzi okumbidwa ndi kusiyidwa, migolo yosungira madzi yopanda zivundikiro, ndi ngalande zimene zimasefukira panjira ya ana asukulu. Ndowa ndi beseni ndi ntchito yathu: tikatha kuchapa titaye madzi ndi kuvundikira chiwiyacho. Koma nkhuti ndi ngalande mayi mmodzi sangazikwirire yekha.

Ku Bangladesh, dziko la mitsinje ndi maiwe ambiri ku Asia, adaona kuti ana aang'ono ambiri amamira pafupi ndi nyumba, kuyambira m'mawa mpaka masana, nthawi imene amayi awo ali pakalikiliki ndi ntchito. Sadawadzudzule amayiwo. Adakhazikitsa malo m'midzi pamene mayi mmodzi wophunzitsidwa ndi womthandiza wake amasunga ana kuyambira 9 koloko m'mawa mpaka 1 koloko masana, ndipo imfa za ana omira zidatsika kwambiri. M'chaka cha 2021 WHO idalangiza maiko kuti atsate njira imeneyi. Ife kuno tili nazo kale sukulu za mkombaphala. Timaziyamika chifukwa cha phala ndi kuphunzitsa ana kuwerenga, koma tidziwenso kuti mwana amene ali kumkombaphala sali pafupi ndi chitsime, moto kapena msewu pamene mayi ake ali kudimba kapena kumsika.

Botolo ndi msewu

Kale mdani wamkulu wa m'botolo adali palafini. Masiku ano ambiri tikuunikira matochi ndi nyale za sola, koma botolo lija silidachoke, langosintha zam'kati. Njinga zamoto za kabaza zachuluka, ndipo petulo akusungidwa m'nyumba m'mabotolo a zakumwa zoziziritsa kukhosi. Mwana waludzu amalidziwa botololo, sadziwa kuti muli china. Onjezerani pamenepo tameki wophera makoswe, mankhwala othira m'chimanga, opopera tomato, thonje ndi fodya, ndiponso mapiritsi a agogo amene amakhala pazenera.

Zonsezi zikhale pamwamba kapena m'bokosi lokhoma, m'chotengera chake chenicheni, kutali ndi ufa ndi mchere. Mwana akamwa palafini kapena petulo musamsanzitse, musamkakamize mkaka kapena mafuta, chifukwa posanza mafutawo amalowa m'mapapo ndi kuyambitsa chibayo choopsa. Pitani naye kuchipatala mutanyamula botololo kuti adokotala aone chimene wamwa.

Panonso pali phunziro lochokera kwa anzathu. Ku South Africa, m'dera lina kumene ana ankamwa palafini kawirikawiri, mabanja adagawiridwa zigubu za zitsekero zimene mwana sangathe kutsegula. Madokotala adalengeza m'chaka cha 1994 kuti chiwerengero cha ana akumwa palafini m'deralo chidatsika ndi pafupifupi theka. Amayi adali omwewo, ana adali omwewo. Chidasintha ndi chitsekero.

Za msewu ndingonena mwachidule. Lipoti la WHO la m'chaka cha 2023 lidati ngozi zapamsewu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni pa chaka, ndipo ndizo zimatsogola pakupha ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29. Tonse taonapo ana atatu kapena anayi atapanikizana pakabaza imodzi popita kusukulu, popanda chipewa choteteza mutu. Tingathe kukana kukweza ana athu motero, ndipo tingathe kuwaphunzitsa kuyenda mbali yoyang'anizana ndi galimoto zobwera. Koma zitunda zochepetsa liwiro pafupi ndi sukulu ndi pamsika, ndi malo owolokera olembedwa bwino, zimenezo ndi ntchito ya akuluakulu a misewu ndi khonsolo, ndipo sizibwera pokhapokha wina atazipempha.

Diso la mayi silikwanira lokha

Ngozi ikagwa, chala chimaloza mayi. Koma taganizani: mayi yemweyo ndiye atunge madzi, atole nkhuni, aphike, achape, alime, agulitse tomato, ndi kuyang'ana ana atatu nthawi imodzi. Ali ndi maso awiri okha monga wina aliyense. Palibe mayi pa dziko lapansi amene sadaphethirepo. Nchifukwa chake pakhomo ndi pamudzi payenera kukonzedwa mwakuti mayi akaphethira, mwana asafe. Mutu umodzi susenza denga, ndipo pano abambo ali ndi mbali yaikulu: kuumba chitofu, kukhoma shelefu, kupala chivundikiro cha chitsime, ndi kusunga petulo ndi mankhwala a mbewu kunja kwa nyumba yogona.

Pali zinthu zimene ife amayi tingapemphe kudzera m'komiti ya zaumoyo ya m'mudzi, m'komiti ya chitukuko, kwa mafumu ndi kwa khansala wathu. Tipemphe kuti mlangizi wa zaumoyo akamayendera chimbudzi ndi thandala, aziyenderanso pophikira, chitsime ndi posungira mankhwala. Tipemphe mafumu akhazikitse lamulo lakuti wokumba nkhuti kapena dzenje ndiye alikwirire kapena alitchinge mvula isanagwe. Tipemphe kuti a kuchipatala chathu chaching'ono aziuza komiti kuchuluka kwa ana ovulala amene alandira ndi chimene chidawavulaza, monga amachitira ndi malungo ndi kutsegula m'mimba, pakuti chosawerengedwa chimaiwalika. Tipemphe khonsolo iletse kugulitsa poizoni wa m'timapepala topanda dzina pakati pa ndiwo mumsika. Tipemphenso a Red Cross kapena anamwino adzaphunzitse magulu athu chithandizo choyamba, makamaka kupumira mpweya ndi kupsinja pachifuwa mwana amene wavuulidwa m'madzi.

Ife m'gulu lathu tidayamba ndi zochepa. Tidagwirizana kuti Lachitatu lililonse, tisanayambe za banki m'khonde, tiziyendera makomo awiri a anzathu. Timagwada pansi ndi kuyang'ana nyumba monga aionera mwana wokwawa, ndipo zimene timaona zimatidabwitsa: mpeni kunsi kwa mpando, botolo kuseri kwa chitseko, chingwe cha ketulo chikulendewera. Sitipita kukaseka mwini nyumba, pakuti sabata yotsatira alendo ali kwathu. Tidaumbirana zitofu mwa chipereganyu. Tidapita kwa amfumu ndi kuwadandaulira mwaulemu za nkhuti ziwiri za panjira ya kusukulu, ndipo iwo adaitana eni njerwa, nkhutizo nkukwiriridwa. Chitsime cha kudambo tsopano chili ndi chivundikiro chamatabwa cholemera, chimene mwana sangachinyamule.

Amene amatitsogolera poyendera makomo ndi mayi uja wa mwana wopsa ndi phala. Poyamba sankafuna ndi kutuluka komwe m'nyumba chifukwa cha manong'onong'o a anthu. Lero ndiye amayamba kulowa m'khitchini, mwana wake ali pambali, ndipo akaona mphika wotentha pansi salankhula zambiri, amangokwinya malaya a mwanayo ndi kuonetsa mkonowo.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Sabata ino, amayi anzanga, musanasonkhe moto wamadzulo, gwadani pakhomo la khitchini yanu ndi kuona zimene mwana wanu angathe kufikira. Chimene mungathe kukweza, kwezani lero lomwe. Chimene simungathe nokha, kanenereni kumsonkhano wa gulu lanu, ndipo mupite nacho kwa amfumu muli ambiri.